Kukonza pakhomo kuti mbalame, njuchi ndi achule azipezapo malo

Pamene tinkalowa m'nyumba imene tikukhalayi, kuno ku Zomba, bwalo lake linali mbee ngati chikhatho. Anthu amene anatulukamo anali aukhondo ndithu: m'mamawa tsache, masamba pamulu, kenako machesi. Dothi linali gwa, moti mvula ikagwa madzi ankangothamangira kumsewu atakokolola nthaka yofiira. Kukacha tinkangomva tambala wa aneba, basi. Pano papita zaka 6, ndipo amene amatidzutsa ndi apumbwa akulimbirana papaya lakupsa, atimba akudumphadumpha mumpanda, ndi gogomole amene amagogoda nthambi youma ya mango ngati kalipentala wa ganyu. Palibe mbalame ngakhale imodzi imene tinachita kugwira kudzaiika pano. Zonse zinabwera zokha titangosiya kuzipitikitsa.

Malo athu si aakulu, ndi puloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali. Zambiri mwa zimene ndilongosole pano mungathe kuchita ngakhale muli m'nyumba ya lendi, ndipo sizilira ndalama.

Yambani ndi maso

Musanagwire khasu, kwa sabata imodzi muzikhala pakhonde m'mawa dzuwa lisanakwere, ndi madzulo kukamayamba kuda. Onani kumene mthunzi umagwera masana, kumene madzi a padenga amathera, kumene nkhuku zimakonda kupalasa, ndi zamoyo zimene zilipo kale. M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame yoposa 650, ndipo sizonse zimene zimakhala ku Liwonde kapena ku Nyika. Zambiri zimadutsa pamwamba pa madenga athu tsiku ndi tsiku, zikusaka pomwera, podyera ndi pobisala. Zikaona pansi pali poyera, zimapitirira.

Madzi ndiye oyamba

Ngati mungachite chinthu chimodzi chokha pa zonsezi, chikhale ichi. Pezani phale la mphika wosweka, kapena beseni lakale losazama. Ine ndimakonda phale chifukwa dothi lake ndi lokhakhala, mbalame siziterereka, ndiponso madzi sachedwa kuzizira. Thirani madzi ofika mfundo ziwiri za chala, osapitirira masentimita 5, pakuti tizimbalame tating'ono timaopa pozama. Ikanimo miyala iwiri kapena itatu yotulukira pamwamba pa madzi. Miyala imeneyi ndi ya njuchi ndi agulugufe. Popanda iyo, madzulo mudzapeza njuchi zitamira.

Poika pake ndi pofunika kuposa chiwiya chenichenicho. Sankhani pamthunzi, pa chitsa kapena pa njerwa zosanjikiza kufika m'chiuno, pafupi ndi mtengo woti mbalame ithawiremo kabawi akadutsa, koma osati pamphepete pa tchire loti mphaka angabisalemo. Mamita awiri kapena atatu kuchokera pachitsamba ndi abwino. Phale lachiwiri likwirireni pansi mpaka m'milomo, pakona pozizira, kuti achule ndi abuluzi nawonso azimwa. Muikemo kamtengo kopendekera koti chogweramo chikwererepo.

Ndikudziwa funso limene lili kale m'mutu mwanu: nanga udzudzu? Funso limeneli ndi loyenera, malungo si masewera. Udzudzu umafuna pafupifupi sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono kuti uchoke pa dzira n'kufika pouluka. Choncho tayani madziwo pakapita masiku awiri alionse, kwechani phalelo ndi chitsononkho popanda sopo, n'kuthiramo ena. Mukatero udzudzu sungakhwimiremo. Amene amasweretsa udzudzu pakhomo ndi matayala akale, zitini ndi zigoba zoiwalika kuseri kwa bafa. Zimenezo ndiye muzichotse. Mukamachoka pakhomo kwa masiku angapo popanda wosintha madzi, vundikirani phalelo.

Musayembekeze alendo tsiku lomwelo. Kwathu panapita masabata awiri phale lili phee, ine n'kumangosintha madzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina mu October, dzuwa likuswa mtengo, pumbwa mmodzi anatera pamlomo pa phale, nayang'ana uku ndi uku, namwa kamodzi, naweramuka. Kenako anadumphiramo chamimba, mapiko phaphapha, madzi n'kumwazikira pa njerwa. Anatuluka nthenga zili nyankhalala, nakakhala panthambi kudzikonza ndi mlomo. Mawa lake anabwera anayi. Mbalame zimaonerana.

Siyani ngodya imodzi osasesa

Apa ndi pamene pamavuta, chifukwa tinakula tikudziwa kuti pakhomo pa munthu wolongosoka pamakhala poyera. Amayi anga atabwera kudzationa chaka choyamba, anaima pakhonde nayang'ana kumunsi kwa mpanda kumene masamba anaunjikana.

"Mwanawe, kodi pakhomo pano tsache mulibe?"

"Lilipo amayi. Koma tabwerani muone kaye."

Ndinavundukula masambawo ndi kamtengo. Unali mwezi wa September, mvula itasiya kalekale, koma pansi pake dothi linali lakuda ndi lachinyontho. Bongololo anali atadzipinda, tizilombo toyera tikuthawa kuwala, ndipo chule wamkulu anangotiyang'ana osasuntha. Amayi anatapa dothilo, nalifikisa m'manja, nanunkhiza. "Ili ndi dothi la kudimba," anatero. Nkhani ya tsache sanaibwerezenso.

Chitani chonchi. Kuzungulira nyumba, mamita awiri kapena atatu, pitirizani kusesa bwinobwino ndi kutchetcha udzu, makamaka panjira yopita kuchimbudzi, kukhitchini ndi pamene ana amasewera. Pamenepo pafunika poyera kuti muziona chimene mukuponda. Koma sankhani ngodya imodzi yakutali ndi nyumba, ndipo zinyalala zonse zowola, masamba, makoko a nthochi, mapesi ndi udzu, muzikazithira kumeneko m'malo mozitentha. Mapulasitiki, mabatire ndi magalasi asapiteko. Moto umapha mazira a tizilombo, nyongolotsi za pamwamba ndi chakudya cha nthaka, n'kukusiyirani phulusa limene mphepo imauluza tsiku lomwelo.

Pangodya yomweyo unjikani zipika zingapo zowola ndi miyala, mosiya mipata. Abuluzi ndi agulo amaothera dzuwa pamwamba pake, achule amabisala pansi masana. Chiswe chidzabwera, n'chifukwa chake muluwu uyenera kutalikira khoma ndi mitengo ya denga, koma kumeneko chiswe chikugwira ntchito yabwino yosandutsa zouma kukhala nthaka. Nthambi youma ya mtengo, ngati siingagwere munthu kapena denga, isiyeni. Gogomole amabowolamo chisa, ndipo akachoka mbalame zina zimalowamo.

Ngati muli ndi mpanda wa njerwa, siyani kabowo kamodzi kapena tiwiri m'munsi, kukula kwake ngati njerwa imodzi. Madzi a mvula amatulukirapo, ndipo tinyama toyenda pansi timadutsirapo. Mpanda wa mitengo yamoyo ndiye woposa, chifukwa ndi chisa chachitali chozungulira puloti yonse.

Bzalani mitengo yakwathu

Bulugamu, malaina ndi kesha zili ndi ntchito yake, koma mitengo imene mbalame ndi mbozi za kuno zinazolowera ndi yachilengedwe. Mtengo umodzi wa mkuyu kapena kachere ukabereka umadyetsa apumbwa, njiwa, agologolo ndi mileme kwa masabata. Kachere savuta n'komwe: mumangodula nthambi yokhuthala ngati mkono, n'kuizika pansi mvula ikamayamba. Koma chenjerani, mizu yake imasaka madzi patali, imathyola mapaipi, maziko ndi thanki ya chimbudzi. Ngati simungausiyire mamita 20 kuchokera panyumba, yanu kapena ya aneba, musaubzale. Chimodzimodzi msangu. Ndi mtengo wodabwitsa, umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, motero chimanga chimakula bwino pansi pake, koma malo ake ndi kumunda.

Pa puloti yaing'ono sankhani yaifupi. Mpoza sukula kwambiri ndipo zipatso zake mudzalimbirana ndi mbalame. Nthudza ili ndi minga, ndiye tizimbalame timamangamo zisa mosaopa mphaka. Bzalani zingapo chifukwa pali yaimuna ndi yaikazi, umodzi wokha subereka. Muwale, umene ena amati mlindimila, umamera ndi nthambi ngati kachere, ndipo umachita maluwa ofiira piriwiri nyengo imene ulibe masamba, pamene choso, kambalame ka mlomo wautali wopindika kaja, kakusowa poyamwa. Ngati kumunsi kwa malo anu kumadikha madzi, nyowe amakonda pomwepo.

Masuku ali ndi khalidwe lawo. Njere zake sizichedwa kufa, choncho zifeseni masiku omwewo mwadya chipatso. Ndiponso mbande zake zimadalira tizibowa ta m'nthaka timene timakhala pa mizu, motero katapeni dothi pang'ono pansi pa msuku waukulu n'kusakaniza m'chubu. Popanda zimenezo mbande imangokhala yachikasu, osakula.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 December n'kutsekedwa pa 15 April, koma musadikire kumapeto. Kumbani dzenje mu November, masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe, dothi lapamwamba mbali ina, lapansi mbali ina. Sakanizani lapamwambalo ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana, libwezereni pansi, ndipo mubzale mvula ikakhazikika kuti mizu igwire dzinja lisanathe. Tchingirani ndi minga kapena nsungwi. Mbuzi imodzi ya m'chilimwe imatha ntchito ya chaka chonse pa mphindi zochepa. Mbande zamitengo yachilengedwe funsani ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu kapena ku nazale za m'mudzi. Amene muli pafupi ndi Zomba, pitani ku munda wa National Herbarium and Botanic Gardens mukaone mmene mitengoyi imakulira musanasankhe.

Chomera chimodzi chokha ndikuletsani: lantana, chitsamba cha timinga chija cha maluwa osakanikira achikasu ndi ofiirira. Agulugufe amachikonda, inde, koma mbalame zimamwaza njere zake paliponse, chimaphimba tchire lachilengedwe, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Chizuleni ndi mizu yomwe.

Lolani ndiwo zichite maluwa

Simufunika kugula maluwa a kusitolo. Pa bedi lililonse la mpiru, repu kapena tchayinizi, siyani mapesi awiri atatu akule mpaka achite maluwa. Njuchi zidzadzaza pamenepo, inu n'kupezanso mbewu. Luni, chisoso ndi bonongwe zomera zokha musamazipalire zonse, ndi ndiwo zathu ndiponso njere zake ndi chakudya cha mpheta. M'mphepete bzalani nandolo, mpendadzuwa ndi mpungabwi. Alovera ndi abale ake a m'mapiri amachita maluwa m'nyengo yozizira, pamene zina zambiri zauma.

Kuti muone phindu la njuchi, dzukani m'mawa mukayang'ane maungu anu. Maluwa ake ndi amitundu iwiri: lachimuna lili pa kaphesi kowonda, lachikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Duwa limatseguka m'mawa n'kufota dzuwa likakwera. Ngati m'maola ochepa amenewo njuchi siinanyamule mungu kuchoka ku lachimuna kupita ku lachikazi, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kugwa. Anthu ambiri amati ndi matenda, pamene vuto ndi kusowa kwa njuchi.

Si njuchi zonse zimene zimakhala mumng'oma. Zina zimakhala zokhazokha m'timabowo. Dulani bango kapena nsungwi zowonda, zidutswa za masentimita 20 zokhala ndi mfundo kumapeto kumodzi, mangani kamtolo, n'kukapachika mopingasa pansi pa denga la khola kapena la nkhokwe posafika mvula. Mukadzaona timabowo tatsekedwa ndi dothi, dziwani kuti muli ana. Bemberezi naye mupatseni chipika chofewa chouma kumpanda, kuti asiye kubowola mitengo ya khonde.

Chepetsani mankhwala

Zonse zimene tanenazi zingathe kufafanizika ndi kupopera kumodzi. Cypermethrin, amene ambiri timangoti saipa, sasankha: amapha mbozi, amaphanso njuchi, akangaude ndi chiswamphika, ndipo akalowa mumtsinje amapha nsomba. Zilombo zoononga zimaswana msanga kuposa zozidya, ndiye pakapita masabata ochepa nsabwe za masamba zimabwerera zochuluka kuposa kale, adani ake kulibe.

Pa dimba la pakhomo, yambani ndi manja. Yenderani masamba m'mawa, tolani mbozi, phwanyani mazira kunsi kwa tsamba. Nsabwe zithireni madzi a sopo pang'ono. Phulusa lozungulira bedi limachepetsa nkhono. Masamba a nimu kapena a ombwe osinja n'kuviika usiku wonse amathandiza, koma nawonso ndi mankhwala: poperani madzulo njuchi zitapita, pewani maluwa, ndipo ombwe asafike kumtsinje kapena kudamu la nsomba. Mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano (fall armyworm), zimene zinaoneka koyamba mu Africa mu 2016 n'kusakaza chimanga kuno mu 2017, nazo zili ndi adani: mavu, nyerere ndi mbalame. Alimi ena amathira dothi kapena mchenga m'kamwa mwa chimanga, ena msuzi wa usipa kuti uitane nyerere. Chisa cha mavu chimene chili kutali ndi khomo chisiyeni, ndi asilikali anu.

Choopsa kwambiri ndi poizoni wa makoswe, makamaka temeki wogulitsidwa m'timapepala pamsika.  Khoswe amene wadya poizoniyo akadyedwa ndi kadzidzi, mphaka kapena galu, nazonso zingathe kufa. Ana aang'ono nawo amatola poizoniyo. Tcherani msampha, tsekani mabowo a nkhokwe, sungani chimanga m'matumba otseka bwino.

Za usiku

Babu lowala usiku wonse limakoka agulugufe a usiku ndi tizilombo tina, timazungulira mpaka kufa. Ngati chitetezo chikulola, siyani nyali imodzi yoyang'ana pansi pakhomo lolowera, ndipo mbali ya ngodya ija kukhale mdima. Mudzaonanso ziphaniphani.

Mileme ing'onoing'ono imene imauluka chisisira imadya udzudzu ndi agulugufe amene amaikira mazira a mbozi. Ikalowa kudenga n'kumanunkhitsa nyumba, musaifukize utsi kapena kuithira mankhwala. Onani bowo limene imatulukira, dikirani madzulo ituluke yonse, n'kutseka. Chitani zimenezi m'nyengo yozizira, osati m'dzinja pamene ili ndi ana osauluka. Mleme musaugwire ndi manja, ungathe kukhala ndi chiwewe.

Za kadzidzi ndilankhula mosamala, chifukwa ambiri tinaleredwa tikumva kuti akalira padenga ndiye kuti kukubwera maliro. Chimene ndaona ndi maso anga ndi ichi: pansi pa mtengo umene amagona pamakhala timibulu totuwa timene amalavula, ndipo mukaphwanya kamodzi mupezamo ubweya ndi tizigaza ta mbewa. Amabwera pakhomo chifukwa pali makoswe. Simukukakamizidwa kumukonda, koma musamugende.

Ana, amphaka ndi aneba

Mnyamata wa legeni musamukalipire, tonse tinadutsamo. Mupatseni ntchito. Wathu ndi amene amasintha madzi a m'phale, ndipo ali ndi kope limene amalembamo mbalame iliyonse yatsopano, dzina lake akafunse agogo ake. Munthu sagenda chimene akuchiwerenga. Ngati kusukulu kwawo kuli kalabu ya zachilengedwe, monga zimene limathandiza bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, mulimbikitseni alowe. Mphaka muzimudyetsa mokwanira ndipo azigona m'nyumba, makamaka m'dzinja pamene ana a mbalame akuphunzira kuuluka. Mukapeza kamwana ka mbalame kali pansi koma kali ndi nthenga, kaikeni panthambi yapafupi n'kuchokapo. Makolo ake ali pomwepo akukuonani. Bilimankhwe alibe ululu ngakhale pang'ono, chimodzimodzi gulo ndi nalimata wa pakhoma. Auzeninso aneba chimene mukuchita, kuti asaganize kuti mwangolekerera pakhomo.

Nanga njoka?

Walira mvula walira matope. Pamene pali achule ndi abuluzi, tsiku lina njoka idzadutsa. Kunena zoona imadutsa ngakhale pabwalo losesedwa, chifukwa chimene chimaikoka kwambiri ndi makoswe a m'nkhokwe ndi mazira a m'khola. Njoka zambiri za pakhomo zilibe ululu woopsa, koma mphiri ndi njoka yolavulira m'maso si zoseweretsa. Mphiri sathawa, amangogona phee panjira, ndiye usiku muziyenda ndi tochi mutavala nsapato. Nkhuni ndi njerwa musaunjike mogundana ndi khoma. Ana muwaphunzitse kusapisa dzanja m'mabowo kapena pansi pa mulu wa zipika uja.

Mukaiona, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, itanani ana ndi agalu, ipatseni njira. Anthu ambiri amalumidwa pofuna kuipha. Ikalowa m'nyumba, tsekani chipindacho n'kuitana odziwa. Ku Lilongwe kuli bungwe la Lilongwe Wildlife Trust, ndipo kwina funsani ku ofesi ya nthambi yoona za nyama zakutchire. Munthu akalumidwa, musatemere, musayamwe bala, musamange chingwe chothina. Mukhazikeni phee, muvuleni mphete ndi zibangili, n'kuthamangira naye kuchipatala. Malovu akalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposa, kenako kuchipatala komweko.

Mvula yoyamba yeniyeni ikagwa, mu November kapena December, madzulo ake musatsekere m'nyumba. Ngumbi zikayamba kutuluka pachulu, tengani mpando mukhale chapatali. Anamzeze, ena mwa iwo atangofika kumene kuchokera ku Ulaya, amazitola m'mwamba. Nthengu amadumpha panthambi, kuwakha imodzi, n'kubwerera pomwe anali. Kukamada mileme imalandira ntchito, ndipo pansi achule amatuluka m'masamba aja mmodzimmodzi, n'kukhala mozungulira bowo. Ana akabwera ndi ndowa yawo, auzeni atole zokwana ndiwo za mawa, bowo limodzi alisiye.